Kachitsulo ka zipinda ziwiri ka m'bokosi la agogo ndi nyale ya kabaidi

Funso: Pokonza m'nyumba ya malemu agogo athu aamuna ku Ntcheu tapeza kachitsulo kachikasu m'bokosi lawo, kotalika ngati chikhatho. Kali ndi zipinda ziwiri zomangirirana, chapamwamba ndi chapansi. Pamwamba pali kachivundikiro ndi kandodo kosuntha uku ndi uku. Kutsogolo kuli kambale, pakati pake kansonga koboola, pambali kagudumu kamano. Kumbuyo kuli kangowe. M'chipinda chapansi mwaumira zoyera. Ena akuti n'kophikira khofi, ena akuti ndi pulayimasi yothyoka miyendo, amalume akuti ndi zamankhwala, tikataye kumtsinje. Agogowo anagwirapo ntchito kumigodi. Kodi n'chiyani?

Yankho: Mayi, kachitsuloko musakataye, komanso musathiremo madzi kufikira mutamva zonse. Mmene mwafotokozeramu, ndi nyale ya kabaidi, ya mtundu uja anthu a m'migodi ankakoleka kutsogolo kwa chipewa. Ilibe chingwe, sifuna parafini, sifuna batire. Imayaka ndi gasi amene imadzipangira yokha madzi akamadonthera pa timiyala totchedwa kabaidi. Zoyerazo ndi laimu, mtundu womwe uja timapakira nyumba, ndipo pali njira yoti amalume atsimikize ndi maso awo.

Popeza ndikuyankha ndisanakagwire m'manja, ndi bwino ndikuonetseni mmene ndafikira pamenepa kuti mukayese nokha. Chinthu chachilendo chikapezeka m'nyumba, tonse timathamangira kufunsa kuti chikufanana ndi chiyani. Funso limeneli limasocheretsa, chifukwa ziwiya za bulasi za masiku amenewo, pulayimasi, chothirira oyilo, nyale ya Tilley, zonse zinali zachikasu, zobulungira, zokhala ndi tizivundikiro. Mafunso othandiza ndi ena: munkalowa chiyani, chinkalowera pati, nanga chinkatulukira pati? Londolani mabowo limodzilimodzi. Wopanga chiwiya saboola bowo mwachisawawa, lililonse linamudyera nthawi ndi ndalama.

Yambani ndi kachivundikiro ka pamwamba. Pa nyale zimenezi kamangotseguka ndi chala, ndipo mukakayang'anitsitsa mupeza kali ndi kabowo kakang'ono. Chivundikiro chotere sichingasunge mpweya wopopa. Pulayimasi ili ndi chopopera, ndipo chivundikiro cha thanki yake chimachita kumangidwa zolimba, chili ndi mphira mkati, chifukwa parafini amakwera kumutu pokankhidwa ndi mpweya. Apa palibe chopopera, palibe kambale kothiramo sipiriti pansi pa mutu, palibe zipsera zitatu za pamene panathyokera miyendo. Nkhani ya pulayimasi yathera pomwepo. Nunkhizani m'chipinda chapamwambacho. Fungo la parafini ndi la oyilo limakhalitsa, ndipo zonsezi zimasiya litsiro lakuda lomata. Ngati muli mouma, mopanda fungo, mongotuwa, munkakhala madzi.

Kenako tembenuzani theka lapamwambalo muone kunsi kwake. Mupeza kapaipi kotsika pakati, kolowa m'chipinda chapansi. Sunthani kandodo ka pamwamba kaja maso ali kumapeto kwa kapaipiko: mkati muli kachitsulo kamene kamatseka ndi kutsegula kampata. Kandodoko kamadumpha pa timano tingapo, kusonyeza kuti wopanga ankafuna mwini wake azisankha yekha kuchuluka kwa zotsikazo. Madzi ankatsika dontho limodzilimodzi. Tsopano onani pokumanira zipinda ziwirizo. Pali mphira wozungulira, kapena malo ake ngati mphirayo anatha. Mutu wa nkhani uli pamenepa. Chipinda chongolandira madontho sichifunika kutsekedwa zolimba chotero, pokhapokha ngati mkati mwake mukubadwa chinthu chimene sichiyenera kuthawira pambali. Chinthucho anachisiyira njira imodzi yokha. Kuzungulira kapaipi ka madzi kuli kachigamba kokhuthala kaubweya, kogwidwa ndi kawaya kapena kachitsulo, ndipo kuseri kwa kachigambako kuli bowo lachiwiri lopita ku kansonga ka kutsogolo. Bowo la kansongako ndi laling'ono moti singano yosokera silowa. Khofi sangadutsepo, oyilo sangadutsepo mokwanira ntchito iliyonse. Chodutsapo ndi gasi. Onjezanipo kambale kobweza kuwala, ndi kagudumu kamano kokhula kamwala komwe kaja kamakhala mu laita yoyatsira fodya, simungafike penanso koma pa nyale.

Amene anati n'kophikira khofi musawaseke. Kuli mphika wa khofi wa ku Italy, wa Bialetti, umene unatuluka mu 1933, ndipo nawonso uli ndi zipinda ziwiri zomangirirana, mphira ali pakati. Koma umenewo madzi amakhala pansi n'kukwera akawira, ndi wa aluminiyamu, uli ndi chogwirira ndi mlomo wothirira, ndipo kunsi kwake kumakhala kowauka. Kanuko kunsi kulibe chipsera cha moto. Mwaye ngati ulipo muupeza kutsogolo, pakambale, chakumtunda kwa kansonga, chifukwa lawi linali pamenepo. Yang'ananinso mkati mwa kangowe ka kumbuyo. Poperepeseka ndi posalala ndi pamene kankakhulana ndi chokolekera cha pachipewa.

Kabaidi si mwala wokumba m'phiri. Amamupanga m'ng'anjo yamagetsi, powotcha laimu pamodzi ndi makala a malasha pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 2,000. Njira yomupangira wambiri motchipa anaitulukira mu 1892 ndi Thomas Willson wa ku Canada, amene panthawiyo ankafunafuna njira yotchipa yopangira aluminiyamu ku Spray, m'chigawo cha North Carolina ku America. Kabaidi akakhudzana ndi madzi amatulutsa gasi wotchedwa asetilini, yemwe uja amagwiritsa ntchito owotcherera zitsulo ndi owongola magalimoto, ndipo chotsala ndi laimu. Kilogalamu imodzi ya kabaidi wogula imatulutsa malita a gasi pafupifupi 280 mpaka 300. Pa masamu ake, magalamu 64 a kabaidi amamwa magalamu 36 a madzi n'kusiya magalamu 74 a laimu. Nambala yomalizayi muisunge, chifukwa ikutanthauza kuti zotsala zimachuluka kuposa kabaidi amene munaikamo, ndipo zimafufuma. Mu 1900 Frederick Baldwin analembetsa ku America nyale yaing'ono ya kabaidi, ndipo pasanapite zaka zambiri nyale zamtunduwu zinalanda malo a kandulo ndi nyale ya chingwe m'migodi yambiri. Lawi la asetilini ndi loyera, limawala kuposa la kandulo kangapo, ndipo likakhala bwino silifuka utsi wa koloboyi uja.

Zoyerazo ziyeseni panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, amalume ali pomwepo. Palani pang'ono ndi kamtengo, osati ndi zala, muike pamwala. Donthezanipo madzi. Zikachita thovu n'kumveka fungo la adyo, ndiye kuti muli kabaidi wamoyo. Zikatero siyani chipindacho panja chili chotsegula, muzichithira madzi pang'onopang'ono mpaka thovu litatha. Fungolo kwenikweni si la asetilini koma la zinyalala za fosiforasi ndi sulufule zotsalira mu kabaidi, ndipo limathandiza, chifukwa ndi limene limakuchenjezani gasi akamatuluka. Patapita zaka zonsezi sindikuyembekezera kuti mupeza wamoyo, popeza chinyezi cha mumpweya chokha chimamudya mpaka asanduke ufa. Madzi akapanda kuchita kanthu, donthezanipo viniga. Muona thovu lopanda fungo la adyo. Laimu akakhalitsa amayamwa kaboni dayokisaidi wa mumpweya n'kusanduka choko, ndipo choko chikakumana ndi viniga chimachita thovu. Mizu kapena makungwa osinja sachita zimenezo.

Mtundu wa nyale mumaudziwira kumbuyo kwake. Kangowe kamodzi, nthawi zina ndi timawaya tiwiri m'mbali toletsa kugwedera, ndiye ya pachipewa. Ya m'manja ndi yaikulu, kawirikawiri yachitsulo, ili ndi chogwirira pamwamba ndi ngowe yaitali yokolekera pamtengo kapena pathanthwe. Ya njinga ili ndi galasi kutsogolo, chomangira cha masipuling'i kumbuyo, ndi timagalasi tiwiri m'mbali, kofiira ndi kobiriwira. Zinaliponso za patebulo. Yandikizani maginito pathupi pake. Akapanda kugwira ndi bulasi. Akagwira ndi chitsulo chokutidwa, ndipo dzimbiri la kunsi ndilo liyenera kukudetsani nkhawa. Zolemba zifunefuneni pamwamba pa thanki ya madzi, m'mbali mwake ndi kunsi. Pakanipo choko n'kupukuta mopepuka, zilembo zofufutika zimaonekera. Mayina opezeka kawirikawiri pa za pachipewa ndi Premier ya ku Leeds ku England, ndiponso Justrite, Auto-Lite ndi Guy's Dropper za ku America. Pa za njinga dzina lodziwika ndi Lucas ya ku Birmingham. Mukapeza chaka pafupi ndi zilembo zakuti PAT, chimenecho si chaka chimene nyaleyo inapangidwa. Ndi chaka chimene kapangidwe kake kanalembetsedwa kuboma, ndipo fakitale inkapitiriza kudinda chaka chomwecho kwa nthawi yaitali. Chimangokuuzani kuti nyaleyo singakhale yakale kuposa pamenepo.

Kodi ndi imene agogo ankalowa nayo pansi? Apa muchenjere, chifukwa m'mabanja mwathu chilichonse chotuluka m'bokosi la munthu wopita kunja timati n'cha ku Joni. Nyale ya lawi lapoyera inkayenera m'migodi ya golide, ya mkuwa ndi ya miyala ina. M'migodi ya malasha yokhala ndi gasi woyaka msanga wotchedwa methane inali yoopsa, n'chifukwa chake kuyambira mu 1815 kunali nyale ya Humphry Davy, imene lawi lake limatsekeredwa mu sefa yawaya. Nyale ya batire ya pachipewa, ya Thomas Edison, inavomerezedwa ku America mu 1915, ndipo pang'onopang'ono inafalikira. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, migodi ikuluikulu inkapereka nyale za batire, zotenga polowa ndi kubweza potuluka kuti zikatchajidwe. Choncho funsani akuluakulu kuti agogo anapita liti. Chaka chimene ambiri amachikumbukira ndi 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, boma la Dr Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu opita kumigodi. Ngati anapita cha m'zaka zimenezo, kapena pambuyo pake nthawi ya Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, nyaleyi ayenera kuti anachita kugula kapena kupatsidwa, yoti aziyendera usiku kapena kusakira nyama. Ngati anapita cha m'ma 1930 kapena 1940, kapena anali ku timigodi ta golide ta ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, n'zotheka ndithu kuti ndi ya kuntchito. Fufuzaninso m'bokosi momwemo. Mapepala a kontirakiti angakupatseni chaka ndi dzina la mgodi. Kachitini kophwatalala ka chivundikiro chothina n'kosungira kabaidi wapadera, ndipo kamtolo ka timawaya toonda n'kotokosera kansonga. Zimenezi anthu amataya msanga posadziwa kuti ndi za nyale yomweyo.

Maganizo anga ndi akuti nyale yotere iyambe yatsukidwa n'kusungidwa, za kuyatsa zibwere pambuyo ngati yapambana mayeso. Inu mwachita mwayi kuti chipinda chapansi chinamasuka. Zambiri zimapezeka zitagwirana, chifukwa laimu wotsala amalowa m'mizere ya pomangira n'kuuma ngati simenti. Yotereyo musaigwire ndi pulayala kapena sipanala ya mapaipi. Bulasi wake ndi wopyapyala, amapindika nthawi yomweyo, ndipo kukamwa kwa chipinda kukangopindika sikudzatsekanso bwino. Musaiikenso pamoto poganiza kuti imasuka. Zigawo zake analumikiza ndi mtovu umene umasungunuka cha m'ma madigiri 200, ndipo ngati mwatsala gasi mukhoza kuvulala. Tsegulani kachivundikiro ka madzi ndi kandodo, donthezani oyilo wa makina osokera kuzungulira pokumanira, musiye usiku wonse. Mawa lake kulungani chigawo chilichonse ndi mphira wa chubu cha njinga, mupotoze ndi manja, pang'ono kumanga pang'ono kumasula, kwinaku mukugogoda mopepuka ndi mthiko. Ikakana, bwerezani oyilo, mudikire tsiku lina.

Laimu wouma mupale ndi kamtengo kosongola kapena nsungwi, chitsulo chimakanda. Zokanirira zinyikeni mu viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka kwa mphindi 20 kapena 30, mutsuke ndi mswachi wakale, mutsukuluze ndi madzi ambiri, muyanike padzuwa. Musasiye mu viniga usiku wonse. Bulasi ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo asidi amayamba kudya zinkiyo. Mukaona mawanga ofiirira dziwani kuti mwapitirira. Valani magolovesi, ngakhale jumbo m'manja. Laimu amawotcha khungu, ndipo akalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15 n'kupita kuchipatala. Kambale ka kutsogolo kokha ndiko kayenera kunyezimira, sopo ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Thupi lonse musalikweche ndi mchenga kapena phulusa monga tichitira ndi mapoto. Mufufuta zilembo, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale amakonda mtundu wakuda wa ukalambawo kuposa kuwala kochita kukwecha. Mankhwala ambiri opukutira bulasi nawonso muwapewe, chifukwa ali ndi amoniya.

Amoniyayo ndi mmodzi mwa obweretsa matenda aakulu a nyalezi, timing'alu toonda totsika m'mbali mwa chipinda chapansi. Bulasi woumbidwa ndi makina amatsala wokokeka mkati mwake, ndipo amoniya akamukhudza pali chinyezi amang'ambika yekha popanda womugunda. Asilikali a Britain ku India anaziona pa zipolopolo zimene ankasunga m'makola a mahatchi nthawi ya mvula. Amoniyayo ankachokera ku mkodzo wa mahatchi. Choncho nyale imene yakhala m'nyumba yogona mbuzi, kapena modzaza makoswe, muikayikire. Lowani mumdima, muunikire tochi mkati mwa chigawo chapansi, muone ngati kuwala kukutulukira m'mbali. Kenako, mutatsimikiza kuti mulibe kabaidi, dzazani madzi, pukutani kunja, muike papepala louma kwa ola limodzi. Pepala likanyowa, nyaleyo ntchito yake inatha, ikhale ya pashelefu. Mukaganiza zopita nayo kwa wowotcherera, mumuuze kuti asaike mkuwa weniweni kapena siliva paliponse podutsa gasi. Asetilini akakhalitsa pa mkuwa wosasakaniza kapena pa siliva amapanga zokhamira zimene zimaphulika zikakhulidwa kapena kugundidwa. N'chifukwa chake nyalezi ankazipanga ndi bulasi kapena chitsulo, osati mkuwa wofiira.

Ikapambana pamenepa, sinthani zakutha. Mphira wa pakati dulani watsopano ku chubu cha galimoto, wokhuthala mamilimita awiri kapena atatu, wokwana bwino osapindika. Kachigamba kaja dulani ku chipewa chakale chaubweya, muboole pakati podutsa kapaipi. Musakanikizemo thonje kapena siponji, ntchito yake ndi kusefa fumbi la laimu ndi chinyezi, osati kutseka njira. Kamwala koyatsira tengani ka mu laita. Pomasula kachivundikiro ka kuseri kwa kagudumu samalani, kasipuling'i ka mkati kamathawa. Chovuta ndi kansonga. Kena kamachita kukoka, kena kumasula, ndipo kambiri kali ndi mtima wa mwala wofewa kapena dothi lowotcha umene umasweka msanga. Kaunikeni kudzuwa. Ngati n'kotseka, tengani kawaya kamodzi koonda kwambiri, ka ku burashi yawaya kapena ka m'chingwe cha buleki ya njinga, mulowetse mofatsa osakakamiza. Singano ayi, msomali ayi. Bowo likangokula gasi amatuluka mopanda mphamvu, lawi limakhala lachikasu lautsi, ndipo palibe njira yolichepetsera. Musanaike kabaidi yesani madzi okha. Dzazani thanki chigawo chapansi chili chochotsa, musunthe kandodo. Potseka pasadonthe kanthu, ndipo mukamasunthira kutsogolo madontho aziwonjezeka pang'onopang'ono. Ngati akudontha kandodo kali potseka musapitirire, chifukwa simudzatha kulamulira gasi.

Kabaidi mungamufunse kwa owotcherera ndi gasi, koma wawo amakhala zibuma zikuluzikulu. Nyale imafuna timiyala ta mamilimita 6 mpaka 12. Swani panja pouma, mutatchinga maso ndi magalasi, manja ali ouma. Fumbi lake musaike m'nyale, limatulutsa gasi yense kamodzi. Ikani osapitirira theka la chipinda, magalamu 40 kapena 50. Amenewa amapereka malita a gasi 12 mpaka 15, okwana maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mukadzaza mpaka kukamwa, laimu wofufuma uja amatseka kapaipi ka madzi, amakanikiza kachigamba, nthawi zina amang'amba chipinda chimene. Pukutani mizere ndi mphira pasakhale kafumbi, mumange zolimba ndi manja. Thirani madzi oyera, musunthe kandodo kuti pazigwa dontho limodzi pa masekondi awiri kapena atatu, mudikire theka la mphindi. Fungo la adyo lizimveka pa kansonga pokha. Pakani thovu la sopo kuzungulira pokumanira; likayamba kutupa tsekani madzi, musayatse. Ngati zili bwino, phimbani kambale ndi chikhatho kwa masekondi atatu kapena anayi kuti gasi asonkhane, kenako kokerani dzanjalo pambali mwachangu likukhula kagudumu. Imayaka ndi kaphokoso kakuti phu! Machesi nawonso amayatsa. Lawi labwino ndi loyera, losongoka, la masentimita awiri kapena atatu. Chigawo chapansi chimafunda, zimenezo zisakudabwitseni, koma chikafika poti simungachigwire ndiye kuti madzi achuluka.

Oyamba kumene chimawalakwitsa ndi phuma. Nyaleyi imachedwa kumva: mukasuntha kandodo, lawi limasintha patapita kanthawi. Munthu akaona lawi lachepa amatsegula kwambiri, madzi n'kusefukira pa kabaidi, ndiye lawi limatalika, limalira, madzi n'kuyamba kubwata pa kachivundikiro. Kubwatako ndi gasi amene wachulukira njira yake, akubwerera kudzera m'kapaipi ka madzi n'kutulukira pa kabowo ka pamwamba kaja. Kabowoko musakatseke ndi sopo, sera kapena chingamu, ndiko kopulumukira nyale. Tsekani madzi, iikeni pansi panja, mudikire. Madzi akamabwata chikhalirecho lawi lili laling'ono, vuto ndi kansonga kotseka kapena kachigamba konyowa. Lawi lopendekera kumbali ndi kansonga kotseka theka. Lodumphadumpha ndi chinyezi m'njira ya gasi. Likamachepa patatha ola, gwedezani nyale pang'ono, chifukwa laimu wakuta timiyala ndipo madzi sakutifikira. Moto ukatulukira pokumanira zipinda, tsekani madzi, muuphimbe ndi nsalu yokhuthala, mudikire izizire. Wolakwa ndi mphira, kapena kafumbi kotsalira pamizere.

Pozimitsa tsekani madzi, muuzire lawi, muisiye panja mpaka fungo litatha. Mukalola lawi kufa lokha, kalawi kotsiriza kamapanga mwaye umene umatseka kansonga. Musaiike m'bokosi kapena m'kabati ikadanunkha, chifukwa asetilini amayaka akangofika magawo awiri ndi theka pa magawo 100 a mpweya, ndipo m'malo opanikizika zimenezo sizichedwa. Khuthulani laimu tsiku lomwelo asanaume, kutali ndi chitsime, nkhuku ndi ana, muthirepo madzi ambiri, thovu likatha mukwirire. Kabaidi wotsala musunge m'chitini chachitsulo chouma chotseka bwino, pamwamba, posadontha denga. Kabaidi ndi madzi m'botolo lotseka zimasanduka bomba, ndipo anyamata amakonda masewera amenewa, choncho chitinicho asachidziwe pokhala pake. Kabaidi akagwira moto musathire madzi, mukhala mukuwonjezera gasi. Thirani mchenga wouma. Musamupsetsere nthochi kapena mango monga ena achitira, mayiko ngati India analetsa zimenezi chifukwa cha zinyalala zomwe zija.

Ngati mwasankha kungoisunga, iumitseni bwino mkati monse, musiye kandodo potsegula, mupake Vaseline pang'ono pamizere yokha osakhudza mphira, ndipo chigawo chapansi muchimange molekeza kuti mphira asamatirire.